ELIZABETH WA KU KOLOBENG, MLENDO WA MASABATA ASANU NDI LIMODZI

Mau amene ananena mmodzi wa aphunzitsi a kumidzi pa msonkhano wa Jubili, pamaso pa mpingo ndi alaliki



Masiku ano a cikondwerero tamva maina ambiri a anthu omveka. Tamva za iwo amene anadula mitengo yoyamba pamalo pano, za iwo amene anaumba njerwa za nyumba ino yopemphereramo, ndi za iwo amene anayenda pansi m'midzi yonse kuyambitsa masukulu. Kuwachula anthu otere kuyenera ndithu. Koma ine pa kanthawi kamene ndapatsidwa ndifuna kunena za munthu amene sanalalikire, sanamange nyumba, sanaphunzitse mwana ndi mmodzi yense, inde sananene ngakhale liu limodzi, pakuti masiku ace onse anali masabata asanu ndi limodzi okha. Dzina lace ndiye Elizabeth, mwana wacinai wa David Livingstone ndi mkazi wace Mary. Sanabadwire kuno kwathu, ndipo manda ace ali kutali, m'dziko limene lero lichedwa Botswana. Koma mudzaona pomva mbiri yace kuti njira imene Uthenga unadzera pofika kuno inapita pambali pa manda amenewo.

Za nyumba imene anabadwiramo

Atate wace anabadwa m'caka ca 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, mudzi umene mzinda wathu wa Blantyre unatengako dzina. Anayamba kugwira nchito m'nyumba yopota thonje ali ndi zaka khumi, naphunzira usiku, kufikira anakhala dotolo. Ndipo a London Missionary Society anamtuma, nafika ku Kuruman m'caka ca 1841, kumene kunali misyoni ya Robert Moffat. Amace a Elizabeth anali mwana woyamba wa Moffat yemweyo. Iwo anabadwira m'Afrika muno, ku Griquatown, m'caka ca 1821, ndipo cinenero ca Setswana anaciyamwira pamodzi ndi ana a eni dziko.

M'caka ca 1844 mkango unamgwira Livingstone ku Mabotsa, numtyola pfupa la dzanja lamanzere. Amene anamuombola ndiye Mebalwe, mphunzitsi wa dziko lomwelo, munthu wa nchito yathu ino. Pakuti iye analoza mfuti yace kwa mkangowo, ndipo unasiya Mzungu numlumphira iye, numluma m'ncafu. Livingstone anapita ku Kuruman kukacira bala lace, ndipo kumeneko anafunsira Mary, nakwatirana mwezi wa January m'caka ca 1845.

Banja limeneli silinakhazikike msanga. Anayamba ku Mabotsa, nasamukira ku Chonwane, ndipo m'caka ca 1847 anasamukanso pamodzi ndi mtundu wa Bakwena ndi mfumu yao Sechele, nakamanga m'mbali mwa kamtsinje ka Kolobeng potsata madzi. Anakumba ngalande yothirira minda, koma cirala cinakula caka ndi caka kufikira mtsinjewo unaphwa, ndipo anthu anayamba kufukula mcenga kufunafuna madzi akumwa. Sechele anabatizidwa m'caka ca 1848. Ndipo popeza iye ndiye anali woitana mvula wa anthu ace, ambiri anati buku la Mzungu ndilo lamanga mvula. Kum'mawa kunali Mabunu, amene anali kugwiritsa anthu akuda nchito yopanda malipiro, namda Livingstone pomganizira kuti alinkupatsa Sechele mfuti. Boma la Angerezi linali lisanafike m'dzikomo, pakuti linadza m'caka ca 1885.

Amai, tamverani nchito ya mnzanu uja. Sitolo panalibe, ndipo cakudya cikatha anali kucitenga ku Kuruman, ulendo wa masiku ambiri pa gareta. Mary anali kupanga yekha sopo ndi makandulo, kusoka zobvala, ndi kuphika mkate m'ng'anjo yoboola m'culu. Ndipo atatha izi anali kupita kukaphunzitsa ana ang'onoang'ono a m'mudzimo. Ana ace anali kudya dzombe ndi mphalabungu monga ana athu omwe, nazikonda. Anali atatu: Robert wobadwa m'caka ca 1846, Agnes m'caka ca 1847, ndi Thomas m'caka ca 1849.

Za ulendo umene anayenda asanabadwe

Pa 1 August 1849 Livingstone, pamodzi ndi William Oswell ndi Mungo Murray, anafika ku nyanja ya Ngami atadutsa cipululu ca Kalahari. Mtima wace unali kumpoto kwace kwa nyanjayo, kwa Sebetwane mfumu ya Makololo, pakuti anafuna malo a madzi ambiri, akutali ndi Mabunu, kumene akayambe misyoni yatsopano. Caka cimeneco sanathe kufikako. Cifukwa cace mwezi wa April m'caka ca 1850 ananyamukanso, ndipo ulendo uno anatenga mkazi wace ndi ana onse atatu, wamkulu wa zaka zinai, wamng'ono wa caka cimodzi. Ndipo mkaziyo anali ndi pakati pa miyezi ngati isanu. Sechele nayenso anapita nao.

Mwina mufunsa kuti anawatengeranji. Zifukwa zinali ziwiri. Coyamba, anaopa kuwasiya okha ku Kolobeng pafupi ndi adani ace. Caciwiri, anadziwa cimene ife tonse tidziwa, kuti munthu wa nkhondo sayenda ndi mkazi ndi ana. Mfumu ikaona mlendo alinkudza ndi tiana pambuyo, idziwa kuti wadza ndi mtendere. Potero ana aja anali ngati kalata yomuonetsera njira kwa mafumu.

Tsono taganizani ulendowo. Gareta la ng'ombe liribe cofewetsa. Ligunda mwala uli wonse ndi citsa ciri conse, ndipo mumcenga magudumu amira, ng'ombe nizilefuka ndi ludzu. Atafika ku mtsinje wa Zouga, umene lero uchedwa Boteti, anayenda m'mbali mwace, nadula mitengo yambiri kuti gareta lipite. Ng'ombe zina zinagwa m'mbuna zimene eni dziko anakumbira nyama. Ndipo pomva kuti kutsogolo kuli kashembe wakupha ng'ombe, anasintha njira naoloka mtsinje. Mwa zonsezi mwana uja analimo, alinkugwedezeka m'mimba mwa amace usana wonse.

Pofika kunyanja ana anakondwera, nasewera m'madzi, pakuti kwao ku Kolobeng anali asanaone madzi otere. Letsholathebe, mfumu ya kumeneko, anabvomera kupereka anthu operekeza Livingstone kwa Sebetwane ndi kusunga banja lace kufikira atabwera. Koma cakudza siciyimba ng'oma. Pamene zonse zinakonzeka, Agnes ndi Thomas anadzuka ndi malungo, ndi anchito omwe anayamba kugwa mmodzimmodzi. Atate wao anali dotolo, koma masiku amenewo anthu anali kuganiza kuti malungo adza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Zakuti adza ndi udzudzu zinatsimikizidwa m'caka ca 1897 ndi Ronald Ross. Cimene anadziwa ndico cakuti akacedwa pamenepo ana adzafa. Cotero anatembenuza gareta, nabwerera njira yonse ija kufikira ku Kolobeng, ana ali ofoka kwambiri, amao ali pafupi kucira.

Za masiku ace

Patangopita masiku owerengeka cifikire kwao, mwezi wa August m'caka ca 1850, mwana wamkazi anabadwa. Anali wa maso obiriwira ngati thambo, ndipo anamucha Elizabeth Pyne, dzina la mai wina wa ku England amene anali bwenzi la atate wace. Amace atacira anagwidwa ndi nthenda yozizira nkhope mbali imodzi, kotero kuti mwanayo anayamwa bere la mai wodwala, m'nyumba ya ana odwala, m'mudzi wa njala.

Nthawi yomweyo m'mudzi wa Bakwena munali mliri wa cifuwa, umene unali kugwira ana ambiri. Nthenda siyang'ana khungu, ndipo sifunsa kuti nyumba iyi nja yani. Inalowa m'nyumba ya dotolo monga inalowera m'nyumba zina zonse, nimgwira wamng'ono wa onse. Atate wace anali nalo bokosi la mankhwala, koma mankhwala a masiku amenewo anali aukali, osayenera khanda, ndipo anangomcitira tating'onoting'ono tokha. Mwanayo analimbana nayo nthendayo masabata awiri. Potsiriza analira kamodzi ndi mau akuthwa, namwalira, mwezi wa September m'caka comweco. Anamuika pomwepo pa Kolobeng, kufupi ndi nyumba imene atate wace anamanga ndi manja ao.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mbiri ya moyo wace yathera pomwepa. Sanakhale pansi, sanakwawe, sanamere dzino. Koma atate wace, polembera makolo ao ku Scotland, anaulula kuti anazizwa poona kufulumira kwace kwa cikondi pomera pa kamwana kongofika kumene, ndi kuti imfayo inawalasa mtima. Ndipo ananenanso kuti m'dziko lonse lija manda amenewo ndiwo anali oyamba kuikidwa cizindikiro ca ciyembekezo ca kuuka kwa akufa.

Za zimene zinatsata

Banja lonse linapita ku Kuruman kuti Mary akapeze mphamvu kwa amace. Koma caka cotsatira, 1851, agogo aja anamva kuti mkamwini wao alinkukonzanso ulendo womwewo, ndi kuti mwana wao ali ndi pakati pena. Pamenepo anamlembera kalata yowawa, namkumbutsa khanda limene linafa ndi ana amene anapulumukira mkamwa mwa imfa, namdandaulira kuti asawatengenso. Livingstone maganizo ace anali akuti nthendayo mwana anaitengera pakhomo, ndipo ikadamgwira ngakhale akadapanda kuyenda. Cotero ananyamuka ndithu mwezi wa April, ndi banja lonse.

Ulendo umenewo wowatsogolera anasokera, ndipo anakhala masiku angapo osapeza madzi, ana alinkulira ndi ludzu. Mai wao sananene mau otonza ndi amodzi omwe, koma misozi inali m'maso mwace. Anafika kwa Sebetwane pa mtsinje wa Chobe, ndipo mfumuyo inawalandira bwino. Koma patapita masabata owerengeka inadwala cibayo nimwalira mwezi wa July, ndipo mau ace otsiriza kwa Livingstone anali olamula kuti kamnyamata Robert akapatsidwe mkaka. Mwezi wa August Livingstone ndi Oswell anaona mtsinje wa Zambezi pa Sesheke. Pobwerera, mwezi wa September, mwana wamwamuna anabadwira panjira m'mbali mwa Zouga, namucha William Oswell.

Apo Livingstone anaona kuti sangathe kucita ziwiri, kutsata mtsinje waukuluwo ndi kusunga ana amoyo. Mwezi wa April m'caka ca 1852 anakweza mkazi ndi ana anai m'combo ku Cape Town, kunka ku Britain, dziko limene kwa anawo linali lacilendo, kumene Mary anasauka kwambiri. Ndipo sanaonanenso kufikira kumapeto kwa caka ca 1856. M'caka comweco ca 1852 Mabunu anathira nkhondo Sechele pa Dimawe, nagwira ana ambiri a Bakwena, ndipo nyumba ya ku Kolobeng inafunkhidwa, mabuku nang'ambidwa. Banjalo silinakhalenso kumeneko. Kamanda kaja kanatsala kokha.

Taonani umo anabalalikira a m'nyumba imeneyo. Mary anamwalira ndi malungo pa 27 April 1862 ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, naikidwa patsinde pa mlambe, ali ndi zaka 41. Robert, uja anapatsidwa mkaka, anafera ku America m'caka ca 1864, ali wandende wa pa nkhondo ya kumeneko. Atate wao anamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873, ndipo Susi ndi Chuma ndi anzao ananyamula mtembo kufikira kunyanja yamcere, nuikidwa ku Westminster Abbey m'caka ca 1874. Thomas anafera ku Egypt m'caka ca 1876. Woyamba wa onsewa kugona m'nthaka anali Elizabeth. Ndipo malo a Kolobeng, kumadzulo kwa mzinda wa Gaborone, asungidwa kufikira lero ngati cikumbutso, pamodzi ndi maziko a nyumba ndi manda.

Tsono kwathu kuno nkhaniyi itikhudza motere. Zambezi uja anamuona m'caka ca 1851 ndiye anamtsogolera ku Shire, ndi Shire anamfikitsa ku nyanja yathu m'caka ca 1859. Pambuyo pace panadza misyoni ya ku Magomero m'caka ca 1861, ya ku Cape Maclear m'caka ca 1875, ya ku Blantyre m'caka ca 1876, ndi ya ku Mvera m'caka ca 1889. Ndipo ena a Makololo a Sebetwane amene anatsagana naye anakhazikika ku cigwa ca Shire, nasanduka mafumu, monga Kasisi ndi Maseya, maina amene alipo kufikira tsopano.

Zimene tiphunzirapo

Coyamba ndinena kwa inu alaliki ndi aphunzitsi anzanga. Pa mlandu wa mkamwini ndi apongozi ace, ine ndiona kuti onse awiri anali ndi mbali ya coonadi. Nzoona kuti nthendayo inali ya pakhomo. Koma nzoonanso kuti mai amene wayenda miyezi inai pa gareta m'cipululu, ndi kulera ana a malungo panjira, safika pa tsiku lace ndi mphamvu zace zonse. Ndipo pa za ulendo waciwiri uja agogo sanalakwe pakudandaula. Tisaope kunena ici cifukwa ca kukula kwa dzina la munthuyo, pakuti Buku Lopatulika lomwe silibisa zofoka za Davide mfumu. Kuitanidwa kunadza kwa mwamuna, koma ludzu linagwira ana amene sanafunsidwe. Momwemonso ife: kalata yotisamutsa ikafika, timanga akatundu usiku womwewo, ndi kuyesa kufulumira kwathu cangu ca pa nchito ya Mulungu; koma amene adzasenza mwana kumbuyo ndi mtolo pamutu, amene adzafuna madzi ndi nkhuni m'mudzi wa eni ace wopanda mbale, ndiye mkazi. Tiyambe takhala naye pansi. Ndipo inu akulu amene mutuma, musanatume munthu funsani za m'nyumba mwace: mkazi ali bwanji, cipatala ciri kutali motani, nyumba yafoleredwa kodi? Mutu umodzi susenza denga, ndipo mlaliki satumidwa yekha.

Caciwiri ndinena kwa mpingo wonse. Dzina la Elizabeth talidziwa cifukwa atate wace analilemba. Koma mliri womwewo unali m'nyumba za Bakwena, ndipo amai a kumeneko analira monga analirira Mary. Ana aowo maina ao sanalowe m'buku liri lonse. Kodi pamaso pa Mulungu mwana wa dotolo analemera koposa iwo? Iai. Anasiyana pa colembera cokha. Kuno kwathu mwambo wa makolo mudziwa: mwana akafa asanatengedwe amati nthayo, ndipo amai okha ndiwo amakamuika m'dzenje losazama, popanda kulira maliro, poopa kuti mai angaleke kubala. Makolo athu sanacite ici mwa kuuma mtima, koma pofuna kucinjiriza mai. Komatu mai ameneyo amabwerera kunyumba ndi mabere odzala mkaka, wopanda womtonthoza, ndi cisoni cimene saloledwa kucichula. Mwa ciwerengero ca mwambo umenewo Elizabeth akadatayidwa mwakacetecete. Koma anapatsidwa dzina, anapatsidwa manda, naliridwa ngati munthu. Ife amene tiwerenga m'Uthenga wa Marko kuti Ambuye anakwiya ndi ophunzira ace pamene analetsa tiana, natiyangata, sitiyenera kuyesa kamwana ka masiku owerengeka cinthu cacabe. Maliro nkulirana, angakhale bokosi likhale laling'ono lotani. Cifukwa cace ndipempha mlaliki ali yense ndi mphunzitsi ali yense akhale ndi buku, alembemo mwana ali yense wobadwa m'mudzi mwace, tsiku lace ndi dzina lace, ndipo akamwalira alembenso. Ndi kuti akulu apite kunyumba ya mai woferedwa khanda monga apitira kunyumba ya mfumu.

Cacitatu ndi ca amoyo. Livingstone anaimirira pambali pa mwana wace, dotolo wophunzira, manja ali lende, pakuti mankhwala a cibayo kunalibe; penisilini anayamba kucizira anthu m'zaka za m'ma 1940, patapita zaka makumi asanu ndi anai. Ife tiri nazo zimene iye anazisowa. Tidziwa kuti malungo adza ndi udzudzu, ndipo maneti alipo, katemera alipo, sikelo ya ana iripo. Mwana akayamba kupuma mofulumira, nthiti zirikulowa m'kati, nakana bere, musati tione m'mawa, musayambe mwafunsa kuti wamlodza ndani. Mnyamuleni nthawi yomweyo kunka kucipatala, usiku kapena usana. Ndipo mai wapakati musamsenzetse ulendo kapena khasu kufikira tsiku lace. Cimene cinali tsoka kwa iwo a 1850, kwa ife cikhoza kukhala mlandu.

Abale, pa Jubili timawerenga zaka makumi asanu, ndi kuyamika Mulungu cifukwa ca iwo amene anapatsidwa masiku ambiri. Koma Iye amene awerenga zaka awerenganso masabata. Kumanda kwathu kuseri kuno kuli timitumbira tating'ono, tina ta ana a amisyoni, tambiri ta ana athu, ndipo tina tamera udzu kotero kuti sitidziwikanso. Ndipempha kuti tisanabalalike kunka kwathu, tipite kumeneko ndi makasu, tilambule pa manda a ana poyamba, ndipo amai amene akumbukira maina awachule, aphunzitsi nawalembe m'buku la mpingo pamodzi ndi maina a abusa ndi akulu.

Mulungu wa citonthozo conse atonthoze mai ali yense muno amene anaika khanda lace, ndipo asunge ana amene ali pamsana lero, kuti ena a iwo adzaimirire pano pa Jubili irinkudza.